Tayala ligulidwe poona msewu ndi katundu, osati kukongola

Sabata ziwiri zapitazo ndinali pa Lizulu kukafunsa mitengo ya mbatatesi, tomato, kabichi ndi anyezi monga ndimachitira kawirikawiri. Pobwerera, tisanapite patali, tinapeza galimoto ziwiri zitaima m'mbali mwa msewu wa M1 motalikirana pang'ono. Yoyamba inali Mark X yoyera, yopukutidwa bwino, ya malimu aakulu onyezimira ndi matayala opyapyala ngati lamba. Inali itagwera m'dzenje, limu n'kupindika, tayala n'kung'ambika m'mbali. Yachiwiri inali Sienta yodzaza madengu a tomato mpaka kudenga, tayala lakumbuyo litaphulika. Mayi mwini katundu anali atakhala pa udzu, dzanja lili patsaya, akuyang'ana tomato wawo akupsa ndi dzuwa.

Mnyamata wa Mark X uja ndi dalaivala wa Sienta anali anthu osiyana, a matumba osiyananso, koma anagwa ndi chinthu chimodzi. Onse awiri anagula matayala osagwirizana ndi msewu umene amayendamo komanso ntchito imene galimoto zawo zimagwira. Wina anatsata kukongola, mnzakeyo anatsata kutchipa. Maganizo anga sabata ino ndi akuti tayala si chokongoletsera galimoto, ndipo si malo opulumutsirapo ndalama mosaganiza. Ndi katundu wa bizinesi ngati sikelo kapena foni, ndipo kagulidwe kake kafunika masamu.

Lizulu ndi malo abwino owonerapo nkhaniyi. Msika uli pa msewu waukulu pakati pa Dedza ndi Ntcheu, pamalire penipeni ndi Mozambique, ndipo zokolola zimachokera mbali zonse ziwiri. Galimoto imene yakatenga mbatatesi kumunda yadutsa msewu wafumbi wa miyala kapena wa matope, kenako yakwera tala. Ikalunjika ku Blantyre ili ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 200. Imanyamuka m'mawa kukuzizira, mwina kuli nkhungu, n'kutsikira ku Chingeni, Phalula ndi Zalewa kumene tala amatentha ngati chiwaya m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Tayala limodzi lomwelo likumana ndi miyala, maenje, kulemera kwa katundu ndi kutentha tsiku limodzi. Ndiye funso loti mugule tayala lotani si laling'ono.

Zolembedwa m'mbali mwa tayala

Ambirife tikapita kogula tayala timangonena kuti tikufuna saizi 14 kapena saizi 15, basi. Nambala imeneyi imangonena kukula kwa limu. Zina zonse zofunika zalembedwa m'mbali mwa tayala, ndipo kuziwerenga sikulira sukulu yapamwamba.

Titenge tayala lolembedwa 195/65 R15 91H, limene limapezeka pa galimoto zambiri zing'onozing'ono. Nambala 195 ndi kufutukuka kwa tayala mu mamilimita. Nambala 65 ikunena kutalika kwa khoma la tayala, kuchokera pa limu kufika pamene limagunda pansi, ndipo ikutanthauza 65 pa 100 aliwonse a kufutukuka kuja, omwe ndi mamilimita pafupifupi 127. R15 ndi limu la mainchesi 15. Nambala 91 ndi chizindikiro cha katundu amene tayala limodzi lingasenze, ndipo 91 ikuyimira makilogalamu 615. Chilembo H ndi liwiro limene tayala lingapirire, makilomita 210 pa ola.

Manambala a katundu ofunika kuwasunga ndi awa: 84 ndi makilogalamu 500, 88 ndi 560, 91 ndi 615, 95 ndi 690, 100 ndi 800, ndipo 106 ndi 950. Pa liwiro, Q ndi 160, S ndi 180, T ndi 190, H ndi 210, V ndi 240, W ndi 270. Saizi imene fakitale inaikira galimoto yanu, pamodzi ndi mpweya woyenera, zalembedwa pa kapepala komatidwa pa felemu ya chitseko cha dalaivala. Ngakhale zina zitalembedwa m'Chijapani, manambalawo mungawawerenge. Yambirani pamenepo musanamve za wogulitsa.

Malimu aakulu ndi misewu yathu

Ndiyambe ndi anyamata anzanga okonda galimoto zothamanga, a Mark X, Altezza, Subaru, Golf ndi zina zotere. Ambiri mwa iwo ndi a geni omwe zinthu zawayendera, ndipo palibe cholakwa kusangalala ndi thukuta lako. Sindikutsutsanso zoti tayala lopyapyala lili ndi ubwino wake. Pa tala wosalala, khoma lalifupi silipindika kwambiri pokhota, chiwongolero chimamvera msanga, ndipo galimoto imakhazikika. N'chifukwa chake galimoto za mpikisano zimavala matayala otere.

Koma tiyeni tiwerengere. Mark X zambiri zimabwera ndi 215/60 R16. Khoma la tayala limeneli ndi mamilimita 129. Mukachotsa n'kuikapo malimu a 19 ndi tayala la 225/40, khoma latsika kufika pa mamilimita 90. Mukaika la 225/35 latsika kufika pa 79. Khoma limeneli pamodzi ndi mpweya uli m'katimo ndizo zimayamba kulandira nkhonya galimoto ikagwera m'dzenje. Likafupika, tayala limapanikizika pakati pa limu ndi mlomo wa dzenje, ulusi wa m'kati umaduka, ndipo mawa lake mumaona chotupa m'mbali. Tayala lotupa silimatika, ndi lotaya. Nkhonya yotsalayo imapita ku limu, ku mashoko ndi ku zitsulo za kunsi, ndipo zonsezi n'zochokera kunja, zogulidwa ndi ndalama zakunja.

Pali zinanso. Malimu aakulu kawirikawiri amalemera, matayala otambalala amakoka kwambiri, ndipo mafuta amatha msanga. Ndi mmene mafuta avutira zaka zino, zimenezi si zoseka. Chinanso n'chakuti tayala la saizi 19 silipezeka paliponse. Likakuphulikirani pa Lizulu, pa Mlangeni kapena pa Tsangano Turn-off, anyamata omata matayala akuthandizani ndi mtima wonse, koma lolowa m'malo mwake mukaliyembekezera kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Saizi 14, 15 ndi 16 ndiye zimapezeka mosavuta m'matauni ang'onoang'ono.

Ngati mtima wakanirira pa malimu aakulu, tsatani malamulo atatu. Loyamba, khalani m'saizi zimene fakitale yeniyeniyo inalola pa mtundu wa galimoto yanu. Mark X zina zinatuluka kufakitale ndi malimu a 18 ndi matayala a 45, ndipo ine ndingati pa misewu yathu pamenepo ndiye pothera. Lachiwiri, kutalika kwa tayala lonse kusasiyane ndi koyambirira mopitirira 3 pa 100 aliwonse, apo ayi wotchi ya liwiro iyamba kunama, tayala liyamba kukhula bodi, ndipo mabuleki a ABS sagwira mmene anawakonzera. Lachitatu, nambala ya katundu ndi chilembo cha liwiro zisatsike pansi pa zimene fakitale inalemba. Matayala opyapyala olembedwa XL ndi olimbitsidwa kuti asenze katundu wochulukirapo, ndipo ndi amene muyenera kufunsa.

Eni Subaru ndi galimoto zina zokoka ndi matayala onse anayi akumbukirenso kuti matayala awo ayenera kufanana saizi, mtundu ndi kutha kwake. Mukasakaniza latsopano ndi lakutha kwambiri, limodzi limazungulira mofulumira kuposa linzake ulendo wonse, ndipo zimenezi zimadya zitsulo za m'kati zogawa mphamvu. Kukonza zimenezo n'kodula kuposa matayala anayi.

Tayala la katundu ndi la anthu n'zosiyana

Tsopano tibwere kwa amene galimoto ndi khasu lawo. Sienta yakale, imene yadzaza m'misewu yathu ngati takisi, imavala 175/70 R14 84S. Nambala 84 ija ndi makilogalamu 500 pa tayala, kutanthauza kuti awiri akumbuyo pamodzi malire awo ndi makilogalamu 1,000. Galimotoyo payokha imalemera makilogalamu pafupifupi 1,200, ndipo gawo la kulemera kumeneku lili kale pa matayala akumbuyowo. Mukapinda mipando n'kulongamo matumba khumi ndi awiri a makilogalamu 50, mwawonjezera makilogalamu 600, pafupifupi onse kumbuyo. Onjezani mwini katundu ndi womuthandiza. Matayala aja afika pamalire kapena apitirira, ulendo usanayambe n'komwe.

Tayala lolemedwa, makamaka likakhala ndi mpweya wochepa, limapindikapindika m'mbali pa kuzungulira kulikonse. Kupindikako kumabala kutentha, kutenthako kumalekanitsa labala ndi mawaya a m'kati, ndipo mapeto ake ndi kuphulika. N'chifukwa chake matayala ambiri saphulikira pamsika pomwe mwakwezera katundu, amaphulikira kutsogolo, galimoto itathamanga ola lathunthu pa tala wotentha.

Minibasi ya Hiace imafuna tayala ngati 195 R15C 106/104. Chilembo C, kapena LT pa matayala ena, chikusonyeza kuti ndi la galimoto yonyamula katundu, ndipo ena amalembanso 8PR kusonyeza kulimba kwa khoma. Tayala limeneli limasenza makilogalamu 950. Tayala la 195/65 R15 91H lija limalowa pa limu la saizi yomweyo, ndipo limatchipa, koma limasenza 615 okha. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 335 pa tayala limodzi, 1,340 pa anayi. Amene waika matayala a galimoto yaing'ono pa minibasi yonyamula anthu ndi matumba akusewera ndi miyoyo ya anthu. Probox nayonso inapangidwa kuti ivale matayala a LT, choncho musaipatse a galimoto wamba chifukwa choti saizi yafanana.

A mapikapu olowa m'minda ayang'anenso mtundu wa mano. Olembedwa H/T ndi a pa tala, sachita phokoso ndipo samwa mafuta ambiri, koma amaterera m'matope. A M/T ndi a matope enieni, koma pa tala amalira, amatha msanga ndipo sagwira bwino kukagwa mvula. A A/T ali pakatikati. Munthu amene ulendo wake ndi makilomita khumi a fumbi ndi makilomita 200 a tala, A/T imukwanira. Kugula M/T chifukwa ikuoneka yaukali n'chimodzimodzi ndi mnyamata wa malimu a 19 uja.

Nanga kaunjika?

Ndikudziwa chimene ambiri anena. Akuti inu a nyuzipepala mumalankhula ngati ndalama zimathyoledwa mu mtengo. Ndi zoona kuti matayala atsopano onse amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mitengo yake inakwera motsatira. Munthu amene mpamba wake uli mu tomato sangatulutse ndalama ya matayala anayi atsopano tsiku limodzi. Sindinena kuti kaunjika yense ndi woipa. Chimene ndikunena n'chakuti kaunjika amafuna maso, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Choyamba kuona ndi zaka. Tayala lililonse lili ndi manambala anayi m'kabokosi kozungulira m'mbali mwake, nthawi zambiri pafupi ndi zilembo DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Mukaona 2319, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Labala amakalamba ngakhale tayala litangokhala m'nyumba, amauma n'kuyamba ming'alu. Makampani opanga matayala amalangiza kuti likapitirira zaka zisanu lizionedwa chaka chilichonse, ndipo likafika zaka khumi lichotsedwe ngakhale mano akuoneka bwino. Pa galimoto ya katundu, ine sindingagule lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi.

Chachiwiri ndi matayala a chisanu. Galimoto zathu zambiri zimachokera ku Japan, kumene kumagwa chipale, ndipo zina zimafika zitavala matayala a nyengo imeneyo. Enanso amalowa okhaokha ngati kaunjika. Amaoneka okongola, mano akuya, ndipo wogula amaona ngati watola. Muwazindikira ndi mawu oti STUDLESS, kapena kachithunzi ka phiri la nsonga zitatu kokhala ndi kanyenyezi ka chipale m'kati, komanso timizere tambirimbiri tating'ono tokhotakhota pa mano. Labala wake ndi wofewa, anamukonzera nyengo yozizira kwambiri, pansi pa madigiri 7. Lizulu imazizira mu Juni ndi Julaye, inde, koma tala wa pa Zalewa masana si wa ku Hokkaido. Pa msewu wotentha matayala amenewa amadyeka msanga, galimoto imagwedezeka pokhota, ndipo mukaponda mabuleki imapita patali isanaime. Ambiri mwa iwo chilembo chawo cha liwiro ndi Q. Mwini galimoto yothamanga amene wavala matayala otere wadzinamiza kawiri.

Chachitatu ndi mano. M'ngalande za tayala muli timizere totukuka topingasa. Mano akafanana ndi timizere timeneti ndiye kuti atsala mamilimita 1.6, ndipo tayalalo latha. Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limabwera ndi mano a mamilimita pafupifupi 8, choncho amene mumagwiritsa ntchito ndi 6.4. La kaunjika lokhala ndi mamilimita 4 lakusiyirani 2.4 okha, osafika ngakhale 40 pa 100 a moyo wa latsopano. Ngati wogulitsa akufuna theka la mtengo wa latsopano pa tayala lotere, amene wapindula ndi iyeyo. Tengani kamtengo ka machesi, kalowetseni m'ngalande, kayezeni pa lula, kenako nenererani mtengo muli ndi nambala m'manja. Chenjeraninso ndi matayala ojobedwa mano atsopano ndi mpeni. Ngalande zake sizifanana, ndipo timizere topingasa tija timakhala titachotsedwa. Kujoba n'kololedwa pa matayala a malole okhawo olembedwa REGROOVABLE.

Chachinayi, musagule tayala musanaone m'kati mwake. Zigamba zambiri, chigamba cha m'mbali, kapena fumbi lakuda la labala m'kati zikusonyeza kuti tayalalo linayendapo lopanda mpweya. Lisiyeni.

Werengerani pa kilomita

Wa geni aliyense pa Lizulu amadziwa kuti thumba lotchipa la mbatatesi lokhala ndi zowola pansi si lotchipa. Matayala n'chimodzimodzi. Tingoyerekeza ndi manambala osavuta, inu muikepo mitengo imene mwapeza m'sitolo. Tayala latsopano la K150,000 likayenda makilomita 40,000, kilomita iliyonse yakudyerani K3.75. La kaunjika la K60,000 likayenda makilomita 10,000, kilomita yakudyerani K6. Pamwamba pake muonjeze ndalama yomangitsa kanayi m'malo mwa kamodzi, ndi masiku amene galimoto yaima.

Ndipo kuima kwa galimoto n'kumene kumapweteka kwambiri. Mbatatesi ikhoza kudikira tsiku. Tomato ndi masamba sizidikira. Amene wafika ku Limbe kapena ku Lilongwe masana m'malo mwa m'bandakucha amapeza opikula atagula kale kwa ena, ndipo amagulitsa mongotaya. Mayi ndinawapeza pa udzu aja sanagule tayala lija, koma ndiwo analipira. N'chifukwa chake ndikuti inu amene mumachita hayala galimoto muli ndi ufulu woyang'ana matayala ndi sipeya musanakweze katundu. Zungulirani galimotoyo kamodzi. Mukaona chotupa, mawaya kapena tayala losalala, funani ina. Madalaivala akaona kuti makasitomala akukana matayala akutha, asintha msanga kuposa mmene angasinthire poopa apolisi a pamsewu kapena poyembekeza tsiku la COF.

Ngati ndalama yangokwana matayala awiri, gulani awiri ofanana ndipo muwaike kumbuyo. Ambiri amaika kutsogolo poganiza za chiwongolero, koma opanga matayala amalangiza kumbuyo, chifukwa galimoto ikaterera kumbuyo pa msewu wonyowa imazungulira ndipo n'kovuta kuibweza. Musasakanize saizi kapena mitundu iwiri kumanja ndi kumanzere. Mpweya muziyeza m'mawa matayala asanatenthe, ndi geji osati ndi chidendene, ndipo mukanyamula katundu tsatani nambala ya katundu wodzaza imene ili pa kapepala ka pachitseko kaja. Mano akamadyeka mbali imodzi, vuto si tayala koma alayimenti, ndipo kugula lina musanakonze n'kutaya ndalama.

Kwa ogulitsa matayala, pempho langa ndi ili: muuzeni kasitomala chaka cha tayala, ndipo ngati ndi la chisanu nenani. Mwina lero mutaya wogula mmodzi, koma dalaivala amene mwamuuza zoona amabwera ndi anzake a pa siteji. Ndikanakondanso bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi nthambi ya Road Traffic atamafalitsa m'Chichewa, pa wailesi ndi m'madepoti, kawerengedwe ka manambala amenewa, chifukwa anthu ambiri sanauzidwepo kuti ali ndi tanthauzo.

Mvula ili pafupi, ndipo maenje achuluka, misewu ya kuminda iterera. Musanagule tayala lotsatira, tsegulani chitseko cha dalaivala, lembani manambala a pa kapepala kaja, dzifunseni kuti galimotoyi imayenda msewu uti ndipo imanyamula makilogalamu angati, kenako pitani kusitolo. Safunsa anadya phula. Sabata yamawa tidzaona mitengo ya anyezi ndi mmene mtengo wa hayala ukukhudzira phindu la opikula.